Alendo a ku Indonesia Ataitanitsa Amalume

Kanyundo kaja kanali ka mtengo wa khofi. Alendo anakasema okha ndi mpeni wa m'thumba atakhala pakhonde, kuchokera ku tsinde lokalamba limene mlimi wina anazula m'munda mwake kumapiri a Viphya. Mutu wake unali wopendekeka, chogwirira chake chinasalala ndi thukuta la m'manja. Tsiku loyamba ndinakanunkhiza n'kukhumudwa, poti ndinkayesa kuti mtengo wa khofi uyenera kununkhira khofi, koma iko kankangomveka utsi ndi sopo. Kumene kanathera sindikudziwa. Tinasamuka kangapo kuchokera nthawi imeneyo, ndipo wosamukasamuka sasunga kanthu. Koma mpaka lero ndikamva munthu akugogoda patebulo kuti anthu akhale chete, khosi langa limatembenuka lokha.

Nthawi imeneyo ndinali mu Sitandade 4. Tinkakhala ku Katawa, ine ndi mayi awiriwiri, m'nyumba ya malata imene chipinda chake chakutsogolo mayi anachisandutsa golosale. Kwathu kwenikweni ndi ku Mangochi, koma ine Mangochi ndinkangoimva m'kamwa mwa mayi akamadandaula kuzizira kwa Mzuzu. Bambo anamwalira ndisanayambe kulankhula. Amene ankatiyang'anira anali amalume, achimwene awo a mayi, omwe ankagulitsa misomali ndi maloko mumsika n'kumakhala ku Chiputula. Anali munthu wa mtima wapachala koma wosasunga chakukhosi, ndipo mawu akuti "mbumba yanga" ankawatchula ngati kuti mbumbayo ndi yodzaza lole, chonsecho tinali anthu awiri.

Alendo anabwera pakhomo pathu ndi shehe wa kumzikiti. Anali ochokera ku Indonesia, ndipo anabwera kuno kudzaphunzitsa alimi kasamalidwe ka khofi. Ankafuna malo pakhomo la Asilamu kuti asamadye mokayikira. Kuseri kwa nyumba yathu kunali kachipinda kapadera kamene tinkasungiramo makatoni. Amalume anakana kwamtuwagalu. "Mkazi wamasiye, mwamuna kuseri, anthu azinena chiyani?" Shehe anawatsimikizira kuti munthuyo ndi woopa Mulungu. Mayi anangoti makatoni salipira lendi, ndipo nkhani inathera pomwepo.

Ana a ku Katawa ankawakuwiza kuti Mchaina, akuluakulu ankati Mmwenye, ndipo iwo ankangowabayibitsa onsewo. Ife tinkangoti Alendo, ndipo dzinalo linakakamira ngakhale atakhala nafe miyezi yambiri. Anali aafupi, a magalasi, ndipo anali ndi chipewa chakuda chosalala ngati ubweya wa mphaka chimene ankavala Lachisanu komanso pakakhala nkhani yaikulu. Chichewa anaphunzira kwa mayi, Chitumbuka kwa alimi, n'kumaphika zonsezo mumphika umodzi. Ukawapatsa moni ankayankha kuti, "Ndili makora, kaya inu," ukawapatsa madzi, "Yewo kwambiri." Mayi oyandikana nafe, Mtumbuka woimba kwaya kutchalitchi amene tonse tinkangomutchula kuti a Mama, ankachita kugwira m'mimba ndi kuseka akamamva zimenezi, n'kumawapatsa moni kawirikawiri mwadala.

Ndinene mosabisa: ine ndinkafuna bambo. Sikuti ndinkasowa kanthu, mayi ankandipatsa zonse zimene akanatha. Koma mvula ikayamba tikuweruka, anzanga ena abambo awo ankabwera kudzawatenga ndi ambulera, ine n'kumathamanga ndekha nditafunda thumba la shuga kumutu. Tsiku lina Alendo akuchokera kuminda anandipeza panjira nditanyowa, anandikweza panjinga yawo yamoto n'kundifunditsa jekete. Jeketelo linkanunkhira ndudu zakwawo, zimene utsi wake unkamveka ngati mpunga wa pa Idi. Titafika pakhomo sindinafune kutsika. Kuyambira tsiku limenelo mtima wanga unagamula: munthu ameneyu asachoke, akwatire mayi, ine ndiziwatchula bambo pamaso pa kalasi yonse. Ineyo ndinali nditavomera kale, otsala anali eni akewo.

Kanyundo kanayamba ntchito chifukwa cha mphaka. Ndinatola kamwana ka mphaka kuseri kwa sukulu, mayi n'kunena kuti kabwerere komweko chifukwa kadzatha usipa wa m'golosale. Ndinalira, mayi anakalipa, ndipo Alendo, amene ankadya nafe chakudya chamadzulo, anadzuka n'kukatenga chipewa chawo chakuda ndi kanyundo kaja. Anakhala kumutu kwa tebulo, anagogoda, n'kulengeza kuti nyumba ya malamulo yatsegulidwa. Mayi anali wolemekezeka phungu wa Golosale, ine wolemekezeka phungu wa Sitandade 4. Lamulo linali loti wamng'ono ayambe kulankhula, ndipo wina asamudule mawu mpaka atamaliza yekha.

Ine ndinafuna kuti tivote basi, poti ndinkadziwa kuti Alendo ali mbali yanga. Anakana. "Kwathu sitifulumira kukweza manja," anatero. "Wogonja amakagona ndi mkwiyo, mawa amadzuka nawo." Anati tikambirane mpaka aliyense atapeza pogwira. Tinakambirana mpaka tiyi anazizira. Pomaliza tinagwirizana kuti mphaka akhale, koma azigona mosungira makala, usipa ulowe m'chitini chotseka, ndipo akadzangoba ngakhale mutu wa usipa umodzi, phungu wa Sitandade 4 adzatsuka mbale sabata yathunthu. Alendo anafunsa mayi ngati akuvomera, anafunsanso ine, n'kugogoda katatu. Mayi anaseka ataphimba pakamwa ndi nsonga ya chitenje, mapewa akugwedezeka. Ndinawayang'ana modabwa, chifukwa kuseka koteroko ndinali ndisanakumvepo m'nyumba mwathu.

Kuchokera apo chilichonse chinkapita kunyumba ya malamulo: ngati ndingakaonere kanema pamsika, ngati nsapato zanga zasukulu zafikadi potayidwa, ngati tsabola wa Alendo ayenera kulowa mumphika wa tonse kapena azikhala pambale yawo. Ndikaziwerenga tsopano ndimapeza kuti ndinkagonja kawirikawiri, koma nthawi imeneyo sindinkaona n'komwe, ndinkadzuka patebulo ndikudzimva kuti ndine munthu. Ndakula, ndakhalapo m'makomiti a sukulu ndi a amayi kumzikiti, ndipo ndaona apampando ambiri amene amagogoda kuti atseke anthu pakamwa. Wogogoda kuti wamng'ono alankhule ndinamuona mmodzi yekha, ndipo ankagona m'chipinda cha makatoni.

Kenako inafika nyengo yozizira. Amene anakhalako ku Mzuzu amaidziwa: nkhungu imatsika mpaka pakhomo, mvula yamawawa osaleka, zovala zimatha masiku pachingwe osauma. M'golosale mchere unkachita chinyontho, machesi ankakana kuyaka, ndipo mayi ankagulitsa atavala majuzi awiri, mbaula ili kumapazi. M'nyengo imeneyi Alendo anasintha. Anamangirira waya kumtengo wa mapeyala n'kuulumikiza ku wailesi yawo yaing'ono, ndipo akangofika kuchokera kuminda ankakhala pakhonde khutu lili pawailesi, ikulira phokoso ngati mafuta a mandasi. Anatiuza kuti kwawo ophunzira a m'makoleji adzaza misewu, ndipo mtsogoleri amene analamulira dzikolo kuyambira iwo ali mwana wayamba kugwedezeka.

Masana ena ndinawapeza atakhala pasitepe, wailesi ili pamiyendo, magalasi ali m'manja, misozi ikungotsika popanda mawu. Ndinathamangira m'golosale kukauza mayi kuti kwa Alendo kwagwa maliro. Mayi anatuluka, anaima pachitseko, ndipo Alendo anawayang'ana n'kunena kuti, "Watula pansi udindo." Kenako anaseka, misozi ikadali kumaso. Ine ndinasokonezeka, ndinali ndisanaonepo mwamuna akulira, ndiye uyu ankalira ndi kuseka nthawi imodzi. Mayi anabwerera m'nyumba n'kukawaphikira tiyi wothira jinja, ndipo anasiya kasitomala ataima pawindo mpaka anatopa n'kumapita.

Masiku otsatira ndi amene anatifotokozera za moyo wawo, pang'onopang'ono, tikusankha khofi palichero. Anabadwira pa kachilumba kakang'ono, bambo awo ankaphunzitsa ana pamadrasa, mayi awo ankagulitsa nsomba. Anati dziko lakwawo ndi la zilumba zambiri zoti munthu sangazimalize kuyenda, anthu ake a zilankhulo zosiyanasiyana, ndipo anthu otere sungawasunge ndi ndodo mpaka kalekale. Ali kukoleji anakwera patebulo n'kunena zimenezi pamaso pa anzawo. Apolisi anadzawatenga m'kalasi. Atatuluka m'ndende anapeza zitseko zonse za ntchito zitatsekedwa, anzawo ena osaonekanso, ndiye analowa ulimi. "Mtengo wa khofi sukakunenera kupolisi," anatero. Ine ndinkamvetsera ngati nthano, ndipo mbali imene inandisangalatsa inali ya nsomba, poti inkawasendeza kufupi ndi ife a ku Mangochi. Sindinaganizeko n'komwe kuti chimene chinawachotsa kwawo chinali chitatha.

Anayamba kuitanidwa pafupipafupi kupositi ofesi kukayankha lamya. Ankabwerako nkhope ikuwala, n'kumazungulira pabwalo akulankhula okha m'chinenero chawo, dzanja likukwera ndi kutsika ngati pali khamu la anthu pamene panali nkhuku zokha. A Mama anawayang'ana tsiku lina kudzera pampanda n'kuuza mayi kuti, "Mlendo ndi mame, mama." Ndinadana nawo a Mama sabata yonse, moni wawo ndinkayankha ndi mphuno.

Ndiye madzulo ena, popanda chipewa, popanda kanyundo, Alendo ananena patebulo kuti akufuna kuonana ndi amalume. Anati osati mumsika, koma kunyumba, atakhala pansi, Lamulungu likubweralo. Anati abwera ndi aphunzitsi anga, amene ankakhala mzere wachiwiri kuchokera kwathu ndipo ankacheza nawo m'Chingerezi. Mayi anayang'ana m'mbale mwawo n'kunena kuti uthenga ukafika. M'mawa mwake anandituma ku Chiputula.

Amalume ndinawapeza akupopa njinga. Anandifunsa kawiri. "Akufuna kuona ineyo? Kunyumba? Abwera ndi munthu wina?" Nditavomera anasiya pampu, anapukuta manja, n'kumwetulira mpaka ndinaona dzino lawo lakumbuyo lothyoka. "Alhamdulillah," anatero, ndipo anandigulira chigumu, chinthu chimene anali asanachitepo. Kwathu mwamuna akaitanitsa mwini mbumba, n'kunena tsiku, n'kubwera ndi mnzake womuperekeza, nkhani imakhala imodzi yokha, ndipo imeneyi ngakhale mwana amaidziwa. Ndinabwerera ku Katawa mapazi osagunda pansi. Pofika Lachisanu kalasi yonse inali itadziwa kuti ndikupeza bambo wa njinga yamoto, ndipo amene ankandiseka ndi thumba la shuga ndinawauza kuti sadzakwerako.

A Mama anaiwala za mame zija. Anabwera ndi chipeso kudzaluka mayi tsitsi, akuimba nyimbo zaukwati za kwawo. Azimayi ena awiri anadzipereka kudzathandiza kuphika. Mayi okha ndi amene sankalankhula zambiri sabata imeneyo. Wina anabwera kudzagula shuga iwo n'kumupimira mchere, ndipo atabweza anangoti pepani, osaseka. Tonse tinati ndi manyazi a mkwatibwi. Lamulungu m'mawa anapha tambala wamkulu uja amene ankamusungira Idi, anaphika mpunga wa Kilombero umene fungo lake linafika mpaka kumsewu, anasamba, n'kuvala nsalu yawo yobiriwira. Pomaliza anatulutsa ndolo zimene ndinali ndisanazionepo, n'kuzivala ataima pagalasi nthawi yaitali.

Amalume anafika atavala mkanjo woyera, ali ndi mnzawo wachikulire woti akhale nkhoswe ya kuchikazi. Alendo anatulukira kuseri atavala chipewa chakuda ndi malaya a maluwamaluwa a kwawo, atanyamula mitolo iwiri. Pambuyo pawo panali aphunzitsi, nsapato zitapolishidwa mpaka kumawala, tayi ali pakhosi. Nawonso, tinadzamva pambuyo pake, ankadziona ngati nkhoswe ya kuchimuna ndipo anali atakonzekera mawu ake usiku wonse. Azimayi anadzazana kukhitchini, chitseko chili chotsegula pang'ono. Ine anandipatsa ntchito yosambitsa anthu m'manja, ndipo nditamaliza ndinangokhala pansi pakona, beseni lili pamiyendo, palibe anandithamangitsa.

Alendo anamasula mtolo woyamba, munali malaya a amalume. Anamasula wachiwiri, munali nsalu yofiirira ya mizere yopiringizika, n'kunena kuti iyi ndi ya mayi. A Mama, amene diso lawo linali pampata wa chitseko, anadya mfulumira. Anaimba nthungululu yoti malata ananjenjemera, n'kufuula kuti, "Yewo, Chiuta! Yewo chomene!" Anzawo aja anapolokezana nawo. Amalume anakweza dzanja kuti kukhale bata, koma akumwetulira. Alendo anadzidzimuka, kenako anawerama pang'ono moyang'ana kukhitchini, poganiza kuti ndi mmene timathokozera mphatso kuno.

Anayamba kulankhula m'Chingerezi, aphunzitsi akumasulira. Anathokoza chifukwa cha denga, chakudya, ndi ulemu umene anaulandira pakhomopo. Amalume ankangogwedeza mutu, kudikira kuti mawu afike pamene amafikira. Kenako aphunzitsi anati, "Akupempha kuti muwakhululukire zonse zimene alakwa m'nyumba muno, zodziwa ndi zosadziwa."

Kumwetulira kwa amalume kunazima. Kwathu mwamuna akayamba ndi kupepesa kwa mwini mbumba asanafunsire, ndiye kuti analowera pawindo. "Alakwa chiyani m'nyumba muno?" anafunsa, maso atatembenukira kukhitchini. "Aphunzitsi, afunseni bwinobwino. Alakwa chiyani kwa mlongo wanga?"

Aphunzitsi anamasula tayi pang'ono n'kufunsa. Alendo anadabwa, anagwedeza manja onse awiri kukana. Anafotokoza kuti kwawo munthu sanyamuka ulendo wautali asanakhale pansi ndi wamkulu wa pakhomo pamene wakhala, kumupatsa kamphatso, kupepesa ngakhale sakudziwa cholakwa, ndi kupempha chilolezo choti apite. Kuchoka osatero n'kuchoka ngati mbala.

"Ulendo?" anatero amalume. "Ulendo wakuti?"

Aphunzitsi anamvetsera yankho n'kunena motsitsa mawu, "Akubwerera kwawo, bambo. Anzawo awaitana. Kukubwera zisankho."

Mvula yamawawa inkagwa padenga. Kukhitchini wina anagwetsa chivundikiro cha poto. Alendo anayang'ana mkanjo wa amalume, nkhalamba ija ili pambali pawo, tayi wa aphunzitsi, mbale za mpunga zimene zinali zitayalidwa kale. Anafunsa aphunzitsi kanthu monong'ona, aphunzitsi n'kuwayankha monong'onanso. Ndinaona makutu a Alendo akufiira. Anavula chipewa, anachigwira ndi manja awiri pamaondo, n'kunena okha popanda womasulira, "Pepani chomene."

Ine ndinaika beseni pansi, madzi n'kutayikira pamkeka. Ndinathamangira kuseri, ndinatenga kanyundo pawindo la chipinda chawo, ndinabwera n'kukaika patebulo pamaso pa anthu onse. Ndinati nkhaniyi sinakambidwe. Ndinati lamulo ndi loti tikambirane mpaka aliyense avomere, ndipo ine sindikuvomera. Amalume anatsegula pakamwa kuti andikalipire, koma Alendo anatsika pampando n'kugwada kuti maso athu afanane. "Wolemekezeka," anatero, "mwanena zoona." Anafunafuna mawu a Chichewa. "Kwathu kuli nyumba ina yaikulu. Zaka zambiri wamng'ono salankhula m'menemo. Akundiitana." Ndinati aitane wina. Koma kanyundo sanakakhudze.

Amalume ndiwapatse ulemu wawo. Anakhosomola n'kunena kuti mlendo wotsanzika ndi mlendo woleredwa bwino, chilolezo aperekadi, ndipo chakudya chaphikidwa kale, tidye. Mayi anabweretsa nyama ija atagwada, anaika mbale iliyonse pamalo pake. Anthu anadya ngati pamaliro, aphunzitsi okha ndi amene anayesa kukamba za mitengo ya khofi. A Mama anazemba kudzera kumpanda osatsanzika, ndipo anatha masiku akugula mchere ku golosale ina.

Alendo ananyamuka patapita masiku ochepa, pa basi ya m'mawa yopita ku Lilongwe. Kusukulu anandiseka mpaka teremu inatha, ndipo aphunzitsi, amene nawonso anali ndi manyazi awo, ankamenya aliyense wotchula njinga yamoto. M'kachipinda muja munabwerera makatoni.

Zaka zambiri sitinamve kanthu. Ndi mwana wanga wamkulu amene anawapeza pafoni, nditamuuza nkhaniyi n'kuyesa kutchula dzina lawo lenileni mmene ndinkalikumbukira. Ndinawerenga zonse zimene ndinatha kumva. Anapambana pa zisankho zija n'kukhala phungu wa kwawo kuzilumba. Anasankhidwanso, n'kusankhidwanso. Anakhala mtsogoleri wa aphungu a chipani chawo, ndipo pambuyo pake anakwera n'kukhala mmodzi wa amene amakhala kutsogolo patebulo lalitali kuyendetsa zokambirana za nyumba yonse. Ndinaonera kanema wake. Holo yake ndi yaikulu ngati bwalo la mpira, aphungu akukuwizana, ena ataimirira akuloza zala. Pakati pa phokosolo pali kamunthu kakafupi ka imvi, magalasi, chipewa chakuda, kakudikira modekha, kenako n'kuloza phungu wina wachitsikana wakumbuyo kuti alankhule. Ndinaika foni pachifuwa n'kulira ngati mwana wa Sitandade 4.

Pa zithunzi zina ali ndi mkazi ndi zidzukulu. Ndimafuna kunena kuti sindichita nsanje, koma ndinganame. Ndimayang'ana ana awo aakazi n'kumaganiza kuti awa mvula sinawanyowetsepo. Anthu amandiuza kuti ndiwalembere, masiku ano n'zosavuta. Ndikanene kuti chiyani? Anthu a m'dziko lawo anawafuna, ndipo anali ambiri kuposa ife. Akanakhala ku Katawa bwenzi ali mkulu wina wabwino wodziwa za khofi, wolankhula Chichewa chosakaniza, ndipo ine ndikanakondwa. Kaya iwo akanakondwa, sindikudziwa. Mayi anamwalira kanema ameneyu asanamuone, ndipo moyo wawo wonse sanafunsepo ngati kuli nkhani ya ku Indonesia. Nsalu yofiirira ija sanaivalepo, komanso sanapatse munthu.

Koma tsiku limene limandibwerera kwambiri si la basi ayi. Ndi Lamulungu lomwe lija, anthu atabalalika. Alendo anali ataperekeza aphunzitsi, ine ndinakhala pamwala kuseri nditatupa ndi mkwiyo, mayi akutsuka mbale pathandala akadali ndi nsalu yobiriwira. Amalume anabwera akukankha njinga yawo, anaima, n'kulankhula motsitsa mawu, zimene sizinali khalidwe lawo.

"Iwe, chemwali. Unkadziwa?"

"Ndinkadziwa, achimwene."

"Kuyambira liti?"

"Anayamba kuuza ine, asanakuitaneni."

"Ndiye bwanji unatilekerera? Tambala wafa, anthu aimba nthungululu, ine ndabwera ndi nkhoswe ngati chitsiru. Bwanji osanena?"

Mayi anaika mbale pathandala, anakweza manja onyowa kukhutu n'kuvula ndolo imodzi, kenako inayo, n'kuzimanga pansonga ya nsalu. Amalume, munthu amene mawu sankamuthera, anawayang'ana nthawi yaitali. Kenako anatembenuza njinga n'kutuluka nayo pachipata akukankha, ndipo ndinawaona akuyenda choncho mpaka pokhota, osakwera.

Ine zimene ndinamvapo ndi zoti mayi ankadziwa koma anandibisira, anandisiya ndikudzitama kusukulu, ndipo ndinawanyanyalira masiku angapo. Za ndolo sindinaziganizire n'komwe, ndinkayesa kuti anangotchenera alendo monga amachitira aliyense. Ndinali mwana, ndinkaganiza kuti m'nyumba muja woyembekezera ndinali ndekha. Sindinkadziwa kuti munthu angauzidwe zoona m'maso muli gwa, n'kumva bwinobwino, n'kuvomera, koma Lamulungu likafika n'kuphabe tambala, n'kuvalabe ndolo, kuti mwina mwamunayo akakhala pansi pamaso pa achimwene, akaona nsalu yobiriwira ikulowa ndi mbale, pakamwa pake padzatuluka mawu ena.